Kodi Kuchira N'kusiya Mankhwala?

Pa nkhani ya matenda, Chichewa chathu chimagawa anthu pawiri: pali wodwala, pali wochira. Wodwala amagona pamphasa, timamuphikira phala, timapita kukamuzonda. Wochira wadzuka, watenga khasu, ndipo mankhwala otsala aikidwa pamwamba pa kabati kuti adzathandize wina. Malungo ndi amene anatiphunzitsa kuganiza chonchi. Umamwa LA masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, tsiku lachinayi nkhani yatha. Kwa ife umboni wa kuchira ndi woti munthu sakupitanso kuchipatala.

Ndiye m'dziko muno muli anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene ali ndi HIV, ndipo ambiri mwa iwo akumwa ma ARV. Amenewa sakukwana m'gulu lililonse mwa awiriwa. Amalima, amapalasa kabaza kuchoka pa Lirangwe kulowa m'midzi, amagulitsa tomato pa Lunzu, amabereka ana opanda kachilombo. Wodwala amatero? Koma tsiku lililonse amameza piritsi, ndipo adzalimeza mpaka tsiku lawo lomaliza. Wochira amatero? Funsoli limamveka ngati la anthu okhuta amene asowa zochita pakhonde, koma anthu akufa nalo. Munthu akakhulupirira kuti kuchira kwenikweni n'kusiya mankhwala, tsiku lina adzakumana ndi womuuza kuti wachira, ndipo adzasiyadi.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'magazimo, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. HIV ikalowa m'thupi imafunafuna maselo otchedwa CD4. Kuchipatala amawatchula kuti asilikali a m'thupi, koma kwenikweni iwowa ali ngati olamula asilikaliwo, ndi amene amazindikira mdani n'kudzutsa ena onse kuti amenye nkhondo. Kachilomboka kamalowa m'selo la CD4, kamamatika uthenga wake m'kati mwa uthenga wa chibadwa wa selolo, ndipo selo lija limasanduka fakitale yopanga tizilombo tina mpaka kufa. Mwa munthu wosamwa mankhwala, tizilombo tatsopano timatha kufika mabiliyoni pa tsiku limodzi. Thupi limalimbana nato zaka zambiri, likupanga ma CD4 atsopano m'malo mwa akufa, mpaka limatopa. Munthu wathanzi amakhala ndi ma CD4 pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho kamene amayeza. Akatsika kuchepera 200, matenda amene kale ankangodutsa amapeza chitseko chili pululu: TB, khansa ya pakhungu ya Kaposi, kutsegula m'mimba kosatha, ndi matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi wotchedwa cryptococcus.

Piritsi limene ambiri akumwa kuyambira 2019 lili ndi mankhwala atatu m'kati mwake. Tenofovir ndi lamivudine amasokoneza kachilombo pamene kakukopera uthenga wake, pomwe dolutegravir amakatsekereza kuti kasamatike uthengawo m'selo. Taonani bwino apa. Pa atatuwa palibe amene amapha kachilombo kamene kakhazikika kale m'selo, ndipo palibe amene amapanga CD4 ngakhale imodzi. Ntchito yawo ndi imodzi basi, kuletsa kuswana. Tizilombo toyandama m'magazi sitikhalitsa, timatha tokha, ndipo thupi likapeza mpata wopuma limayamba kudzimanga. Ma CD4 amakwera msanga m'miyezi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono kwa zaka. Choncho munthu akayamba kunenepa, khungu likasalala, mphamvu zikabwerera, limene lagwira ntchitoyo ndi thupi lake lomwe. Mankhwala angomugwirira mdani manja.

Nanga bwanji osamwa chaka chimodzi kapena ziwiri, thupi likadzimanga n'kusiya? Vuto ndi loti ena mwa maselo amene analowedwa aja safa. Amagona tulo ali ndi uthenga wa kachilombo m'kati. Mankhwala sawakhudza chifukwa mulibe chimene chikuswana, ndipo asilikali amawadutsa chifukwa kunja amaoneka ngati anzawo. Asayansi anatsimikiza za maselo ogonawa mu 1997, ndipo atawerengera anapeza kuti munthu angafunike kumwa mankhwala zaka zoposa 60 kuti onse athe. Aliyense amene anaphikirapo pa mbaula amadziwa kuti khala limagona lamoyo pansi pa phulusa usiku wonse, m'mawa ukangouzira moto wayaka. Munthu akasiya ma ARV, kawirikawiri kachilombo kamaonekanso m'magazi pakangopita milungu iwiri, itatu kapena inayi.

Ngakhale madokotala akuluakulu anapusitsidwapo ndi phulusa limeneli. Ku Mississippi, ku America, mwana wina wobadwa mu 2010 anayamba kumwetsedwa ma ARV atangotha maola 30 chibadwire. Ali ndi miyezi 18 mankhwala anasiyidwa, ndipo kachilombo sikanaoneke. Mu 2013 dziko lonse linamva kuti mwana wachira. Mu 2014, atakhala miyezi 27 osamwa kanthu, kachilombo kanabwerera. Anthu amene anachiradi n'kusiyiratu mankhwala ndi ochepa kwambiri pa dziko lonse, ndipo njira yawo palibe angaisirire. Woyamba anali Timothy Ray Brown, amene anali ndi khansa ya m'magazi ndipo mu 2007 ku Berlin anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu amene chibadwa chake sichilola HIV kulowa mosavuta. Chithandizo chimenecho chimapha ena mwa ochilandira, ndipo amachipereka kwa okhawo amene khansa ikanawatenga kale.

Tsono apa ndi pamene pali msampha. Mankhwalawa akagwira bwino ntchito amatulutsa zizindikiro zitatu, ndipo zonse zitatu zimafanana ndi kuchira kumene malungo anatiphunzitsa. Choyamba ndi thupi lenilenilo, loti aliyense akuliona. Chachiwiri ndi zotsatira za viral load, zoyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi. Namwino akati "kachilombo sikakuoneka", akutanthauza kuti kachepa kwambiri moti makina sakukapeza m'magazi amene atengawo. Koma mawuwa akamafika kunyumba amakhala atasintha panjira, asanduka "kachilombo kulibe".

Chachitatu ndi chimene chimasokoneza mitu kwambiri. Zipangizo zoyezera mwachangu, kaya chobaya chala kaya chopaka m'kamwa chija, sizifufuza kachilombo kenikeniko. Zimafufuza ma antibody, zida zimene thupi limasula likaona mdani. Mdani akabisala zaka zambiri, thupi limachepetsa kusula zidazo, monga mmene mudzi umasiyira kulondera akuba akasiya kubwera. Mwa anthu ena, makamaka amene anayamba mankhwala atangotenga kumene kachilombo ndiponso ana amene anayamba ali makanda, ma antibody amachepa mpaka chipangizo chimaonetsa mzere umodzi. N'chifukwa chake a World Health Organization amalangiza kuti munthu amene ali pa ma ARV asayezedwenso ndi zipangizo zimenezi. Mzere umodzi umenewo ndi chipatso cha piritsi. Koma tangoganizani munthu amene wasala kudya masiku atatu kuphiri, wapemphereredwa, wauzidwa kuti akayezetse kumene sakumudziwa, kenako waona mzere umodzi ndi maso ake. Mungamuuze chiyani iyeyo?

Azakhali anga a ku Chileka anayamba ma ARV nthawi ya Triomune, aja anali ndi stavudine amene ankaphwetsa masaya ndi kuchititsa dzanzi m'mapazi. Lero ali ndi zidzukulu zisanu ndipo munda wawo wa nandolo amalima okha. Mnzawo wina amene ankatenga naye mankhwala tsiku limodzi anachita ndendende zimene ndafotokozazi. Anapemphereredwa, anayezetsa, anaona mzere umodzi, anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni, botolo analiponya m'chimbudzi. Miyezi yoyamba anali bwinobwino, ndipo ena awiri anamutsatira. Chaka chisanathe anayamba kutsokomola, ndipo anachita manyazi kubwerera kuchipatala chifukwa umboni anali ataupereka kale pagulu. Pamaliro ake mnyamata wina ananena kuti mayiyo anafa ndi umbuli. Azakhali anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, ameneyu sanali mbuli ayi. Ankadziwa CD4 kuposa iwe. Anangotopa. Iwe unamwapo chinthu zaka 15 osadumphitsa?"

Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi. Ngati vuto likanakhala umbuli, zikwangwani za m'mbali mwa msewu wa Zalewa zikanalithetsa kalekale. Vuto ndi lakuti munthu amafuna kumaliza. Amafuna tsiku loti anene kuti zija zinatha.

Thupi limanamanso mbali inayo. Munthu akayamba ma ARV chitetezo chitatsika kwambiri, nthawi zina amadwala kwambiri m'milungu yoyambirira kuposa mmene analili asanayambe. Madokotala amati IRIS. Chimene chimachitika ndi chakuti TB kapena fangasi uja anali kale m'thupi, koma panalibe asilikali oti alimbane naye, ndiye kunali zii. Asilikali akadzuka n'kupeza adani ali m'nyumba, nkhondo imabuka: thupi limatentha, timabele ta m'khosi timatupa, chifuwa chimakula. Pa matenda oumitsa khosi a cryptococcus nkhondoyi imachitikira m'mutu ndipo imatha kupha, n'chifukwa chake madokotala amayamba achiza fangasiyo n'kudikira milungu 4 mpaka 6 asanayambitse ma ARV. Achibale akaona wodwala akuipiraipira amati mankhwala a boma ndi amene akumupha, ena amati pali dzanja la munthu. Chonsecho n'chizindikiro choti chitetezo chadzuka.

Mwaonatu. Womwa mankhwala akhoza kumva kuwawa pamene zinthu zikuyenda bwino, ndipo wosiya mankhwala akhoza kumva bwino pamene zinthu zikuwonongeka. Tinakula tikukhulupirira kuti mwini thupi ndiye amadziwa za thupi lake, ndipo pa zambiri n'zoona. Pa HIV umboni wa thupi umachedwa, umafika mlandu utagamulidwa kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Izi zikutanthauza kuti munthu womwa ma ARV akupemphedwa chinthu chovuta kwambiri, kukhulupirira pepala la ku labu kuposa zimene akumva m'mafupa mwake. Amene sitinapemphedwepo zotere tisafulumire kuseka.

Tikabwerera m'mbuyo, njala ya kuchira kwa tsiku limodzi si yachilendo kwathu kuno. Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985. Mu 1995 bambo wina wa ku Machinga, Billy Goodson Chisupe, ananena kuti analota mankhwala ochiza matendawa, ndipo anthu zikwizikwi anakhamukira kumudzi kwawo kukamwa mchape. Akuluakulu a kuno kwathu amakumbukira malole odzaza anthu. Mchape sunachize aliyense, koma poweruza nthawi imeneyo tiyenera kukumbukira kuti chipatala chinalibe choti chipereke m'malo mwake. Mankhwala ophatikiza atatu anadziwika mu 1996, ndipo mtengo wake unali madola oposa 10,000 pa munthu pa chaka. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inatsitsa mtengowo kufika pa madola 350, ndipo boma la Malawi linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004 ndi thandizo la Global Fund. Amene anamwa mchape mu 1995 sanataye kanthu kupatula ndalama ya thiransipoti ndi chiyembekezo.

Wa lero amataya moyo. Apa ndiye pali kusiyana pakati pa nthawi ya Chisupe ndi ya aneneri amene amauza anthu kuti ataye mabotolo. Mneneri wotere amapeza munthu amene chipatala chamudzutsa kale, amatenga thupi lonenepa lija ndi mzere umodzi uja, zipatso za piritsi, n'kuzionetsa pagulu ngati ntchito ya manja ake. Kumeneku n'kukolola m'munda wa eni. Ndipo munthuyo akadzadwalanso, mlandu umamugwera yekha, amati chikhulupiriro chake chinachepa. Zoterezi zachitika m'maiko ambiri. Yahya Jammeh ali mtsogoleri wa Gambia analengeza mu 2007 kuti amachiza Edzi, ndipo odwala ankawasiyitsa ma ARV. Ku Zimbabwe mlaliki Walter Magaya analengeza mu 2018 za mankhwala ake otchedwa Aguma, ndipo khoti linamulipiritsa chindapusa mu 2019. Kwathu kuno lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kufalitsa uthenga wabodza wokhudza matendawa. Lamulo lilipo, koma lamulo silifika kuphiri usiku wa Lachisanu.

Komatu n'kosavuta kuloza chala mneneri n'kudziona ngati ife ndife oyera. Funso limene limandivuta ine ndi loti, ndani amamukankhira munthu kwa mneneriyo? Tamverani mmene timayankhulira. Timati "ali pa mayunitsi", ngati foni yongodikira kuthima. Mtsikana akanenepa timanong'onezana kuti ndi ma ARV amenewo. Mwamuna akafuna kukwatira, abale amafufuza ngati mkaziyo "amamwa". Pali anthu a ku Lirangwe amene amakwera minibasi kudutsa chipatala chakwawo, kudutsa Matindi, kudutsa Lunzu, kukatengera mankhwala m'tauni kumene sakakumana ndi wodziwana naye. Ena amachotsa mapiritsi m'botolo n'kuwakulunga m'kapepala kuti asamalire m'chikwama. Munthu wotere tsiku lililonse amameza piritsi limodzi ndi manyazi ambiri. Ndiye wina akamulonjeza kuti manyaziwo atha lero, n'zodabwitsa kuti amapita? Mneneri amagulitsa chinthu chimene ife tachisowetsa, ulemu wa kutchedwa munthu wabwinobwino.

Wina anena kuti, thupi ndi lake, akafuna kusiya asiye, inu zikukukhudzani bwanji? Mfundo imeneyi ndimailemekeza. Munthu wamkulu sangamwetsedwe mankhwala ngati mbuzi, ndipo aphungu athu anachita bwino mu 2017 pamene anachotsa mu bilu ya HIV ndime zokakamiza anthu ena kuyezetsa ndi zoika m'ndende munthu chifukwa chopatsira mnzake kachilombo. Chikakamizo chimathamangitsa anthu kuchipatala. Koma ufulu wosankha umafuna kuti wosankhayo adziwe chimene akusankha. Amene wanena kuti "ndatopa, ndikudziwa kuti kachilombo kabwerera, komabe ndasiya" wasankha, ngakhale kusankha kwake kukutipweteka mtima. Amene wasiya chifukwa wauzidwa kuti kachilombo katha sanasankhe kanthu, wanamizidwa. Kumusiya osamuuza zoona n'kumati tikulemekeza ufulu wake ndi ulesi chabe wovala jekete.

Chinanso, piritsili silithera m'thupi la womwa yekhayo. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mabanja a ku Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana kachilombo m'banja ndi 96 pa 100 iliyonse. Kafukufuku wotsatira anatsimikiza kuti munthu amene kachilombo sikakuoneka m'magazi mwake sapatsira mnzake pogonana. Chaka chomwecho cha 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuyambitsa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wonse posatengera CD4, ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Anyamata ndi atsikana ambiri amene akulemba mayeso a JCE masiku ano alibe kachilombo chifukwa amayi awo ankameza piritsi. Wosiya mankhwala amatsegula chitseko chimene chinali kuteteza mkazi wake, mwamuna wake, mwana wa kubere. Ndiponso kumwa modumphadumpha kumapatsa kachilombo mpata wophunzira kuzemba mankhwalawo, ndipo kachilombo kophunzira kameneko n'kamene kamapita kwa wina. Ndiye nkhaniyi ndi ya mwini thupi, inde, koma si ya iye yekha.

Pali kutsutsa kwina kumene ndimakumva kwa anzanga amene tinali limodzi ku koleji, ndipo n'kolemera kuposa koyamba kuja. Amati, ukutamanda moyo wodalira botolo, koma botololo limachokera kunja ndipo amalipira ndi azungu. Tsiku limene adzatseke mpopi, udzawauza chiyani anthu? Mu Januware 2025 tinalawa zimenezi. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja, ogwira ntchito ambiri a m'mabungwe othandiza pa HIV anauzidwa kuti asiye kaye ntchito, ndipo mantha anagwira aliyense amene amawerenga mapiritsi otsala m'botolo. Ma ARV ambiri a kuno amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, pomwe PEPFAR yakhala ikulipira ambiri mwa anthu, makina ndi makompyuta amene amachititsa kuti mankhwalawo afike kwa munthu woyenera. Anzangawo sakunama. Moyo wa anthu pafupifupi miliyoni uli m'manja mwa mavoti a anthu amene sadziwa kumene kuli Lirangwe.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Kudalira kwa munthu pa piritsi ndi kwina, kudalira kwa dziko pa alendo ndi kwina. Kwachiwiriku kuli ndi eni ake oyenera kuchita nako manyazi. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti adzaika 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife takhala tikuperewera pa mlingo umenewu zaka zambiri. Funso limeneli tikawafunse aphungu akabwera kudzapempha mavoti. Koma tisatenge manyazi a boma n'kuwasenzetsa mayi wogulitsa zitumbuwa pa Chileka. Iyeyo mbali yake akuchita, ndipo akuichita bwino zedi. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pa akuluakulu 100 alionse omwa ma ARV m'Malawi, pafupifupi 97 kachilombo kanali katatsika mokwanira. Anthu osauka, oyenda wapansi mitunda yaitali, ena omwa mankhwala m'mimba muli njala, anachita zimene maiko ena olemera akulephera. Ngati mpopi ungadzatsekedwe, yankho lake ndi kumenyera kuti utsegulidwe. Kudzitsekera wekha lero poopa kuti wina adzakutsekera mawa n'kudziotcha nyumba poopa mbala.

Ndipo kudalira kwa munthu pa chinthu cha tsiku ndi tsiku kunayamba liti kukhala chilema? Nsima ya dzulo sikuthandiza lero. Madzi timatunga m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene amati mjigo wamusandutsa kapolo. Agogo a BP amamwa mankhwala tsiku lililonse, wa shuga amadzibaya, wa maso amavala magalasi akangodzuka, ndipo sitiwanong'oneza. Thupi lililonse limakhala moyo chifukwa cha zinthu zobwerezabwereza. Chitetezo chimene timachinyadira ife amene tilibe HIV nachonso si khoma limene linamangidwa kamodzi. Ndi maselo amene akufa ndi kubadwa ola lililonse, odalira chakudya, tulo ndi katemera amene amayi athu anatipititsa kukabayitsa kusikelo. Womwa ma ARV wangoonjezera chinthu chimodzi pa mndandanda umene tonse tili nawo.

Kwa abale anga opemphera, ine sindikuona nkhondo pakati pa pemphero ndi piritsi, ndipo mipingo yambiri sikuiona. Chipatala cha Mlambe pa Lunzu ndi cha mpingo, ndipo m'mipingo yambiri muli magulu olimbikitsana kumwa mankhwala. Ngakhale m'Baibulo, mfumu Hezekiya itadwala n'kupemphera, mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chotupa chake. Mana a m'chipululu ankatoledwa m'mawa uliwonse, ndipo amene ankafuna kutolera kamodzi kuti athane nazo ankawapeza atachita mphutsi. Amene amaphunzitsa kuti chozizwitsa chenicheni ndi chokhacho chochitika kamodzi pamaso pa kamera akuchepetsa Mulungu amene akumulalikirayo. Munthu amene CD4 yake inali 40, anthu atayamba kale kunong'onezana za bokosi, lero akusenza thumba la chimanga kuchoka kuchigayo. Ngati chimenecho si chodabwitsa, ndiye mawuwa alibe ntchito.

Tsono yankho langa pa funso lija ndi ili. Kuchira ndi kusiya mankhwala ndi zinthu ziwiri zosiyana, zinangopezeka kuti pa malungo zimafika tsiku limodzi. Kuchira ndi pamene thupi labwerera pa ntchito yake, likudziteteza, likulima, likubereka, likukalamba. Pa tanthauzo limeneli azakhali anga anachira kalekale, ndipo amachiranso m'mawa uliwonse akamatsegula botolo lija. Kachilombo kakadali m'maselo ogona aja, n'zoona, ndipo sitiyenera kubisa zimenezo kwa wina aliyense. Koma kukhala ndi kachilombo ndi kudwala si chinthu chimodzi. Tikapitiriza kuwatchula anthuwa kuti odwala, tikuwauza kuti ulendo wawo sunafike, ndipo adzapita kukafuna woti awafikitse.

Choncho m'bale wanu akadzabwera nkhope ili mwee n'kunena kuti wachira, musayambe ndi kumutsutsa, chifukwa mbali yaikulu akunena zoona. Muvomereni kuti wachiradi, ndipo mukondwere naye. Kenako mumufunse mofatsa kuti mapiritsi atsala angati, ndipo tsiku lokatenga ena ndi liti. Akakuonetsani mzere umodzi, mumufotokozere za zida zimene thupi lasiya kusula chifukwa mdani wagonekedwa, ndi amene wamugoneka. Ngati anasiya kale, musamuchititse manyazi, chifukwa manyazi ndi amene anatsekera mnzawo wa azakhali uja njira yobwerera. Kuchipatala amalandira obwerera, amawayeza, amawayambitsanso, ndipo amene akuyenda bwino masiku ano amapatsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Ngati akuopa kupita yekha, mulipireni minibasi, mukhale naye pa benchi mpaka dzina lake liitanidwe.